Penti ya Che Lajabu pa Chala cha Hawa

Amayi anga a ku Chitala akuganiza kuti mwana wanga Hawa anasiya madarasa, sukulu ya Chisilamu, chaka chatha. Sanasiye. Amapitabe akaweruka kusukulu. Ndipo chimene sindinauzepo munthu aliyense wa kwathu n'chakuti inenso, mwana wa mayi woyambitsa nyimbo kutchalitchi, Loweruka ndimafunda mpango n'kukakhala kumbuyo kwa amayi a kumzikiti, kumatchula alifu, be, te ngati kamwana. Chipembedzo sindinasinthe. Ndikungophunzira zilembo za Chiarabu. Koma ndikudziwa kuti amayi akamva sadzaona kusiyana kwake.

Ndaulula lero chifukwa munthu amene ankandilimbitsa mtima pa nkhaniyi kulibenso. Ndikunena apongozi anga, Che Lajabu, bambo a mwamuna wanga Yusufu. Sadaka yawo ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni, yachitika sabata yathayi, anthu abalalika, mikeka yabwezedwa kwa eni ake, ndipo pakhomo pano pa Lifuwu tatsala ine, Hawa ndi apongozi aakazi amene maso awo anafooka. Yusufu ali ku Joni, maliro a bambo ake analirira pa foni.

Che Lajabu anali mlembi wa maboti. Ngati munaonapo boti kuno kwathu lolembedwa dzina mbali zonse ziwiri, mbali ina m'zilembo zathu za kusukuluzi, mbali ina m'Chiarabu, limenelo linadutsa m'manja mwawo. Ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi doko, pamene asodzi ankakokerapo maboti n'kuwakhazika pa zipika. Anali munthu wamfupi, wa ndevu zochepa, kofia yawo yoyera ili mawangamawanga a penti. Apongozi aakazi anatopa n'kuichapa, anangoisiya.

Anali ndi lamulo limodzi losaphwanyika. Zilembo za kusukulu ankazilemba kumbali ya kumanja kwa boti, za Chiarabu kumbali ya kumanzere. Mwini boti akafuna zosiyana, ankamuuza kuti akapeze mlembi wina. Nditangokwatiwa kumene ndinkayesa kuti ndi zachipembedzo. Si choncho ayi. Zilembo za kusukulu zimayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja, za Chiarabu zimachoka kumanja kupita kumanzere. Zikaikidwa mmene iwo ankaziikira, munthu akaima mbali iliyonse ya boti n'kuwerenga dzina, maso ake amakathera kumutu kwa boti. Ankati dzina lisamakokane ndi boti, lina likupita kunyanja, lina likubwerera kumtunda. Asodzi ankaseka, koma palibe amene ankafuna kuti lake likhale lokokana.

Sindikufuna kuwajambula ngati mngelo. Anali ndi makani, ndipo nkhani ya zilembo ikangoyamba ankaiwala kuti pali munthu akudikira boti lake. Tsiku lina ndinawapititsira madzi akumwa, ndinapeza msodzi wina, Che Alidi, wabwera ndi katoni ya nyale ya sola imene anali atangogula ku Khombedza.

"Che Lajabu, inu odziwa zonse," anatero Che Alidi, "tatiwerengereni alifabeti ya Matchaina iyi. Mwina akutiuza kuti nyaleyi ndi ya sabata imodzi."

"Imeneyo si alifabeti."

"Nanga ndi chiyani? Nkhuku yapalasa?"

Che Lajabu anaika bulashi pansi, ndipo mwini boti limene linkalembedwa tsiku limenelo anagwira kumutu. "Alidi, watipha," anatero. "Lero sindilowanso m'madzi."

Che Lajabu anafotokoza mpaka penti inauma pa bulashi. Ankati anthu timalakwitsa potchula kalembedwe kalikonse kuti alifabeti, ngati mmene mlendo wa kumtunda amatchulira chilichonse choyandama kuti bwato. Alifabeti ndi kalembedwe kamene kamvekedwe kalikonse ka m'kamwa kali ndi chilembo chake, za liwu ngati a, e, i, o, u, ndi zopanda liwu zomwe. Zimene zinali pa katoni ija, ankati, ndi mtundu wina: chizindikiro chimodzi chimanyamula tanthauzo lake, ndiye zimachuluka ngati usipa, mwana amakula akuziphunzirabe. Matchaina anadziyambira okha zimenezo, sanabwereke kwa munthu. Che Alidi anafunsa ngati tsopano angawawerengere. Anayankha kuti ayi, sadziwa ngakhale chimodzi. Anthu anafa nalo phwete. Iwo sanaone choseketsa. Kudziwa kuti chinthu si chambo, ankati, sikufuna kuti ukhale utachidya.

Mkangano wawo waukulu unali ndi Shehe Twaibu, mnzawo wa paubwana amene amaphunzitsa ana kumadarasa. Awiriwa ankakangana pochoka kumzikiti, pamaliro, ngakhale pa chinkhoswe cha anthu ena. A Shehe ankati mawu akuti alifabeti anachokera kwa iwo Asilamu: mverani nokha, alifu, be, te. Che Lajabu ankakana. Ankati mawuwo ndi a Agiriki, ochokera ku zilembo zawo ziwiri zoyamba, ndipo kunena mosakondera, Chiarabu si alifabeti yeniyeni, dzina lake ndi abujadi, chifukwa chimalemba makamaka zilembo zopanda liwu, timizere ta liwu n'kumangoikidwa pamwamba ndi pansi pothandiza wowerenga.

"Ndiye ukunena kuti zilembo za Buku la Mulungu n'zoperewera?" a Shehe ankakalipa.

"Twaibu, makutu akowo anakupatsa kuti uzikolekapo magalasi? Ndati n'zamtundu wina. Chiarabu chimakhulupirira wowerenga. Chimakupatsa mafupa, mpweya uikemo wekha."

"Ukafa ndidzakuswalira ndine, ukumbukire."

"Udzafa ndiwe poyamba, ndi mafuta akowo."

Akatero ankapita kukamwa tiyi limodzi.

Zonsezi ine ndinkaziona ngati zocheza za madoda mpaka pamene zinalowa m'nyumba mwanga. Hawa ali mu Sitandade 2, aphunzitsi ake anandiitana. Ananditsegulira kope lake. Mwanayo ankayambira kulemba kumanja kwa tsamba, dzina lake likuyenda chobwerera, zilembo zina zitayang'ana kumbuyo ngati waziona pa kalilole. Pa tsamba lina analemba bwino mzere woyamba, wachiwiri n'kubwerera nawo chakumanzere.

"Mayi, mwanayu akupita kumadarasa?"

Ndinavomera.

"Ndi chimenecho. Mutu wa mwana ndi waung'ono, sunganyamule mitolo iwiri. Sankhani chimodzi, apo ayi abwereza kalasi."

Sankalankhula mwachipongwe, ndipo kalasi yawo inali ndi ana ochuluka kuposa mabenchi. Koma ine zinandipweteka. Ndili ndi satifiketi ya kukoleji, ya ntchito za m'mahotela, ndinali woyamba kwathu kufika pamenepo, ndiye mwana wanga woyamba alephere kulemba dzina lake? Ndinaimbira amayi. Sanachedwe n'komwe. Anati iwo ananena kale pamene ndinkakwatiwa kunyanja, mwanayo achoke kumadarasa, ndipo zikapitirira abwere ku Chitala akaphunzire pafupi ndi iwo. Ndinawalonjeza kuti ndimuchotsa.

Madzulo ake dzuwa likadalipo ndinapita pansi pa mango paja, ndinagwada chapatali monga mkamwana. Ndinayembekezera mkuntho. Mdzukulu wa Che Lajabu asiye madarasa, a Shehe Twaibu akamva adzaseka mpaka liti?

"Bambo, ndabwera ndi nkhani ya Hawa."

Anamvetsera osandidula, chimene sichinkachitika kawirikawiri. Anapempha kope lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, makamaka tsamba la mizere iwiri yosemphana lija, ndipo ndinaona ndevu zawo zikugwedera. Ankaseka.

"Amake Hawa, mwana ndi wanu, mukachotsa sindikuletsani. Koma mawa m'mawa mundibwereke nonse awiri, tikaone ng'ombe."

Ndinaganiza kuti ukalamba wayamba.

Pano ndiyambe ndanena kumene anazitenga zonsezi, poti sukulu ya boma anailekeza m'makalasi oyambirira. Ali mnyamata anapita kumwera kwa nyanja kukagwira ntchito kwa Mgiriki wina wogula nsomba. Ntchito yawo inali kupakira nsomba m'mabokosi. Tsiku lina bwanayo anawapeza akulemba dzina lawo m'Chiarabu pa bokosi ndi khala, ndipo m'malo mokalipa anawauza kuti atchule zilembozo. Iwo anatchula mwa ndondomeko yakale imene anaphunzira kumadarasa: alifu, be, jimu, dali. Mgiriki uja anatsegula pakamwa, n'kutchula zake: alifa, vita, gama, delita. Anayang'anana. Che Lajabu ankati tsiku limenelo anamva ngati munthu amene wakumana ndi mlendo m'basi, pocheza n'kupeza kuti agogo awo anali pachibale. Kuyambira pamenepo anakhala mlenje wa nkhaniyi moyo wawo wonse. Zina anamva kwa Mgirikiyo, koma poti bwanayo ankamwa mowa, sankamukhulupirira zonse. Anakazitsimikiza m'mabuku a kulaibulale, akuwerenga pang'onopang'ono ndi Chingerezi chawo chotolera.

Nkhani yake ankaikamba chonchi. Kale anthu ankajambula zinthu, osati mawu. Kenako anthu ena ogwira ntchito kufupi ndi dziko la Misiri, la mapiramidi lija, anatenga zithunzi zochepa n'kunena kuti chithunzi chilichonse chiimire kamvekedwe koyamba ka dzina lake. Mutu wa ng'ombe, nyumba, madzi, diso. Amalonda a m'maboti a ku Foinike anayenda nazo zilembozo m'madoko, Agiriki anazilandira n'kuwonjezera za liwu, ndipo kwa Agiriki zinafika kwa Aroma mpaka pa bolodi la kusukulu kwathu. Nthambi ina ya banja lomwelo inatsikira kuchipululu n'kubala Chiarabu. Ankanyadira kwambiri kuti amene anafalitsa zilembo anali anthu a maboti.

M'mawa mwake tinapita kusikimu ya mpunga. Kunali matope, ine nsapato m'manja, Hawa atagwira chala cha agogo ake. Tinaima pa mchinjizo wa munda wina pamene bambo wina ankalima ndi ng'ombe ziwiri, akuzikalipira pozitchula mayina.

"Hawa, yang'ana ng'ombe yakudayo kumaso. Ukuona chiyani?"

"Nyanga, Agogo."

Agogo ake anatola kamtengo, anajambula pa matope mutu wa ng'ombe wosongoka kukamwa, nyanga ziwiri m'mwamba. Kenako anamuzungulitsa mwanayo kuti aime mbali inayo.

"Tsopano ukuona chiyani?"

Hawa anayang'ana, anakuwa: "Ndi A! Amama, ng'ombe ndi A!"

"Ndi A, ndi alifunso. Mayi wawo ndi mmodzi. Tsopano taona pulawo. Ng'ombe zikafika kumapeto kwa mzere zimatani? Amazinyamula pamutu kubwerera nazo koyambira?"

"Ayi, zimatembenuka."

"N'kutani?"

"N'kumalima chobwerera."

Apo anatulutsa kope lija m'thumba la mkanjo wawo, anatsegula tsamba la mizere yosemphana, n'kundipatsa ine, osati Hawa. Anati Agiriki akale, eni ake a mawu akuti alifabeti, poyamba ankalemba chomwechi: mzere wina kupita uku, wotsatira kubwerera, zilembo nazo zikutembenuka kuyang'ana kumene zikupita, ndipo kalembedweko anakatcha dzina lotanthauza kutembenuka kwa ng'ombe polima. Panapita mibadwo asanagwirizane zoyenda mbali imodzi.

"Amake Hawa, mwanayu mutu wake suli wochepa. Ng'ombe yake ikudziwa kulima uku ndi uku. Chimene sinadziwe n'chakuti munda uno ndi wa yani, uwo ndi wa yani. Ng'ombe yotere simuidula mwendo. Mumaiikira chikhomo."

Ndinalira pa mchinjizo pomwepo, bambo wolima uja mpaka anaimitsa ng'ombe kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Chikhomocho chinali penti. Titabwerera, anatsegula kachitini ka penti yabuluu ya maboti, anaviika kamtengo ka machesi, n'kudontheza kadontho pa chikhadabo cha chala chachikulu cha kumanzere kwa Hawa. Anamuuza kuti kusukulu aziika chala chimenecho pa tsamba, n'kuyambira pamene pali buluu, kumathawa buluuyo. Kumadarasa aziyambira ku dzanja lodyera, limene silifuna chizindikiro. Lolemba lililonse m'mawa, asanapite kusukulu, Hawa ankathamangira pansi pa mango, chala chili patsogolo, agogo ake n'kumudontheza china.

A Shehe Twaibu ataona chalacho anabwera okha pakhomo, mkanjo ukuuluka.

"Lajabu, wapenga? Penti yamafuta pa chikhadabo! Madzi a udhu adutsa bwanji? Ukuphunzitsa mwana kuswali osayera?"

Ankanena za kusamba kumene Asilamu amasamba asanapemphere, kumene madzi amayenera kukhudza paliponse, ndi zikhadabo zomwe. Ine zimenezo ndinali ndisanaziganizire.

"Mwana wa mano osaguluka onse, swala yamukakamiza liti?"

"Chizolowezi chimayamba pa ubwana!"

"Nanga ukufuna asiye madarasa? Poti kumeneko n'kumene zimapita. Sankha, Twaibu: mwana wa kadontho kapena mkeka wopanda mwana."

A Shehe anandiyang'ana ine, ndipo ndikuganiza kuti pamenepo m'pamene anamvetsa. Koma kugonja sankadziwa. Anagwirizana kuti Lachisanu m'mawa kadonthoko kazichotsedwa ndi palafini, Lolemba n'kubwezeredwa. Aliyense anapita akuuza anthu kuti wapambana ndi iye.

Sindinena kuti zinatheka ngati mankhwala. Hawa anakhoza kupita Sitandade 3, koma movutikira, ndipo mpaka lero akatopa, kapena Lachisanu pamene chala chilibe buluu, chilembo china chimatembenuka. Ndikachiona ndimayamba kuganiza kuti mwina aphunzitsi aja ankanena zoona. Ndikapita nazo kwa Che Lajabu ankangoti ng'ombe yaing'ono imaponda mzere wa mnzake, ikukula. Ndi iwonso amene anandiuza kuti sindingathandize mwana pa munda umene sindinaupondepo, n'chifukwa chake ndinayamba kupita Loweruka. Amayi anga atafunsa pa foni ngati za madarasa zinatha, ndinati zonse zili bwino tsopano. Iwo anamva zimene ankafuna kumva, ine sindinawongole.

Che Lajabu anadwala nthawi yochepa. Chifuwa, kenako miyendo kutupa, kenako anasiya kupita kudoko. Lolemba lomaliza anaitanitsa kachitini kaja pa mphasa pomwe anagona, koma kadontho kanatsetsereka mpaka pa khungu. Anapepesa kwa Hawa kuti mlembi wakalamba. Amene anawaswalira ndi a Shehe Twaibu, monga ankaopsezera. Amuna atabwerako kumanda, a Shehe anadzakhala pa khonde pathu. Pochoka anaitana Hawa, anamugwira dzanja la kumanzere, anayang'ana chikhadabo, n'kutembenukira kwa ine.

"Amake Hawa, Lolemba musaiwale."

Sindiiwala. Kachitini kali m'nyumba mwanga tsopano, penti yayamba kulimba, ndimaisungunula ndi palafini. Koma amayi anabwera kudzapepesa maliro, anaona buluu pa chala cha mdzukulu wawo, anafunsa, ndinati ndi zosewera za ana. Anena kuti popeza pakhomo pano palibenso mwamuna, tchuthi chikubwerachi adzamutenga Hawa akayambe sukulu ku Chitala. Akufuna zabwino, ndikudziwa. Kumeneko kuli munda umodzi wokha, ng'ombe singasokere. Ndikawakaniza ndiyenera kuwauza zonse, za madarasa ndi za mpango wanga wa Loweruka, ndipo amene akanakhala pambali panga n'kuwajambulira mutu wa ng'ombe pa dothi kulibe.

Dzulo m'mawa ndinapita pansi pa mango paja. Boti lomaliza likadali pa zipika, mwini wake akuti sakudziwa woti alimalize. Mbali ya kumanja inatha, dzina lili mbee m'zilembo za kusukulu, likuthamangira kumutu. Mbali ya kumanzere kuli choko chokha, mizere yopyapyala ya Chiarabu imene anajambula kuti adzadutsemo ndi bulashi, ndipo mame ayamba kuifufuta. Kampando kawo kali pomwepo, mwendo umodzi wamfupi wochirikizidwa ndi phale. Pa nthambi pakadali waya pamene ankakolekapo mabulashi, pa tsinde pali mikwasa ya mitundu yonse pamene ankapukutira. Mango akugwa n'kuwolera pansi, palibe wowatola n'kuitana ana. Ndinaima kumbali ya choko ija, ndinayamba kuwerenga kuchokera kumanja, pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafika kumutu kwa boti ndekha.

Ndabwerako nditatsimikiza kuti Hawa sapita ku Chitala, ndipo madarasa sasiya. Amayi ndiwaimbira Lamlungu akatuluka m'tchalitchi. Koma mantha ndili nawo pamene ndikulemba izi, chifukwa mwana ndi mmodzi, ndipo ngati Che Lajabu analakwitsa, wolipira ndi iye, osati ine kapena iwo. Inu amene muli ndi ana, inu amene munakwatiwa kutsidya la chipembedzo ngati ine, tandiuzani: pomusiya mwanayu kuti alime minda iwiri, ndachita bwino kodi?